Tsiku limene Felesiya anakana kutsika panjinga

Mukudziwa mmene timachitira kuno kwathu pakagwa zovuta. Anyamata amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, zina kumtunda kwa mudzi, zina kumunsi. Ukafika pamasamba amenewo, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wachipewa amavula, wapanjinga amatsika n'kumaikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe anatilembera lamulo limeneli. Timangokula nalo ngati mano.

Loweruka lapitali tinawapeza masamba otere titangopitirira pa Nachisaka, polowera ku Dowa. Tinali atatu, ndipo mulole ndikuuzeni kaye kuti tinali yani ndi yani.

Woyamba ndi Lonjezo, mwana wa mchemwali wanga, mphunzitsi wa cha ku Bowe. Mnyamatayu ali ndi nthenda yothamanga. Amathamanga mitunda imene anthu abwinobwino amakwerera basi. Mpikisano uja timaumva pawailesi, wa marathoni, iye amati ndi kadzutsa chabe. Wake ndi wopitirira pamenepo, wonyamuka kukungocha n'kukafika dzuwa litapendeka. Dzina la mpikisanowo la Chingerezi ndinaliwerengapo m'nyuzipepala yokulungira usipa, paja sukulu yanga yaikulu ndi imeneyo, koma lilime langa limapunthwa nalo. Tingoti liwiro la tsiku lonse.

Wachiwiri ndi Felesiya, telala wa pa Nachisaka pomwepo. Poliyo inamugwira asanayambe n'kuyenda komwe, miyendo n'kufota. Amayendera njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja, yachitsulo cholemera, yowotcherera pamsika. Mapewa ake ndi a munthu wodula mitengo. Ndikagwirana naye chanza ndimayang'ana kaye ngati zala zanga zabwerako zonse.

Wachitatu ndi ine, wonyamula madzi. Panjinga yanga ndinamangirira chigubu, thobwa, nthochi, mbatata yootcha ndi kamchere papepala. Mimba yangayi sinathamangepo chiyambire pamene njuchi zinandipirikitsa kudimba, ndiye musandiwerengere m'gulu la akatswiri.

Ulendowo unali ndi chifukwa chake. Felesiya ndi anzake ochepa aulumali amakumana Lamulungu masana kuchita masewero olimbitsa thupi pabwalo lafumbi. Kutauni kukubwera mpikisano wa opalasa njinga ndi manja mvula isanagwe, ndipo Felesiya akufuna kukalowa nawo. Koma ndi chitsulo chakecho sangapikisane ndi anzake. Pamafunika njinga yothamangira, yopepuka, yotsika pansi, ndipo mtengo wake ndi wodwalitsa mutu. Ndiye Lonjezo anaganiza zothamanga kuchokera m'mapiri a Ntchisi mpaka pa Mtengowanthenga, anthu akufuna kwabwino akatidikire kumeneko ndi beseni, aliyense aponyemo kangachepe ngati pa perekaniperekani. Akumpingo analonjeza, amagolosale analonjeza, alimi anzanga a fodya nawo anagwedeza mitu.

Felesiya atamva anati, "Ndiye iwe uzithamangira njinga yanga, ine ndili khale pamakina? Iyayi. Msewu umene uponde iwe ndiupalasa nanenso."

Anaikanso lamulo lake, pamaso pa anthu, tsiku lolengeza. "Pasapezeke wondikankha, pasapezeke wondinyamula. Dzanja la munthu likangokhudza njinga yangayi, ulendo wathera pomwepo. Sindikufuna mupereke chifukwa mwandimvera chisoni. Mupereke chifukwa ndafika."

Amene mumadziwa msewu wochokera ku Ntchisi mukudziwa kuti ulibe chibale. Umakwera ngati ukukapereka moni kumitambo, kenaka n'kukuponya m'chigwa. Pazitunda Felesiya ankayenda mokhotakhota, uku ndi uku, mano ali gwa, thukuta likuchucha m'chibwano. Dzanja langa linkayabwa kufuna kukankha pang'ono chabe kumbuyo, koma ankachita ngati ali ndi maso m'nkhongo.

"Amalume, manja m'thumba!"

M'njira anthu sanatisiye. Wina pachigayo anakuwa, "Aphunzitsi, mwaba chiyani?" Mayi wina atasenza nkhuni anaima n'kugwira pakamwa. "Kalanga ine! Wolumalayo mukumuzunziranji? Mulibe ndalama ya basi?" Felesiya anangoseka n'kumuuza kuti akafune beseni pa Mtengowanthenga.

Dzuwa lisanafike pamutu tinali titadutsa kwawo kwa Felesiya, anthu akuimba nthungululu. Tinali bwino pa nthawi. Kenaka pokhota, masamba aja.

Ine ndinatsika. Lonjezo anasiya kuthamanga, anavula kachipewa n'kuyamba kuyenda. Felesiya anavula chipewa chake, anatulutsa mpango n'kumanga kumutu, n'kumapalasa pang'onopang'ono ngati mwana wokwawa. Tinkamva nyimbo ya maliro ikuchokera panyumba ina pafupi ndi msewu.

Pansi pa mtengo wa mango panali adzukulu, anyamata okumba manda, atangobwerako kuntchito yawo, dothi lofiira lili mbuu m'miyendo. Mkulu wawo, amene ndinamva anzake akumutchula kuti a Levisoni, anadzuka n'kuima pakati pa msewu.

"Mayi, masambawa simunawaone?"

"Ndawaona, achimwene. Pepani ndi zovutazi."

"Ndiye tsikanitu."

Felesiya anakweza chitenje pang'ono kuti aone miyendo. A Levisoni anayang'ana, n'kuyang'ana kumbali, koma pamsewu sanachoke.

"Ndaona, mayi, pepani. Koma njinga ndi njinga. Abusa amene atsika pomwe pano m'mawa uno. Tikakulolani inu, mawa wakabaza adzati mwendo ukumupweteka."

"Abusa atatsika anayenda ndi chiyani?"

"Ndi miyendo yawo."

"Yanga ndi iyi ndakhalirayi."

Mmodzi mwa anyamatawo, wa jekete long'ambika paphewa, analowererapo mwansangala, monga mudziwa kuti adzukulu sasowa nthabwala ngakhale pamanda. "Akulu, nkhani yake ndi yaing'ono iyi. Tiwanyamule mayiwa ndi njinga yawo yomwe, tikawatule kuseri kwa masamba. Kunyamula ndiye ntchito yathu ife."

"Amene mumanyamula inu sabwerako," anatero Felesiya. "Ine ndikadali ndi ulendo."

Anyamata anaseka, ena mpaka kugwira nthiti. Koma wina kumbuyo, amene nkhope yake sindinaione bwino, anaponya mawu: "Ndiye angotsika akwawe. Si patali apa."

Kuseka kunathera pomwepo.

Ndiyang'ane msewuwo. Miyala, fumbi, ndowe za ng'ombe. Kumbali kuno amuna ali pamipando ndi pazitsa, kumbali uko amayi ali pansi, onse atatembenuka kuyang'ana ife. Pamenepo ndi pamene munthu wamkulu, telala wosoka mayunifolomu a ana a m'midzi yomweyo, ankayenera kukwawa.

Ine ndine munthu wamtendere, kapena tinene zoona, ndine wamantha ophunzira. Ndinamusendera Felesiya n'kumunong'oneza kuti, "Mwanangu, pamaliro sakangana. Chindapusa chake ndi nkhuku basi. Ndili nazo kunyumba, ndikatumiza. Ingolola, tidutse."

"Amalume, mukalipira nkhuku ndiye kuti ndalakwa. Ndalakwa chiyani?"

Ndinabwerera kunjinga yanga.

Lonjezo anali akupondaponda pamalo amodzi. Wothamanga mtunda wautali akaima nthawi yaitali minofu imauma ngati chikopa chapadzuwa, poyambiranso imakana. Analoza kanjira kolambalala mudzi kodutsa m'minda.

"Achemwali, tizungulire uku."

"M'mizere ya fodya? Mateyala awa? Ndipo ndizembere kuseri ngati ndaba mbuzi? Ayi, aphunzitsi."

Felesiya anatembenukira kwa adzukulu aja. Kenaka anafunsa a Levisoni ndi mawu ofatsa, "Amene atisiyawa ndani?"

"Ndi bambo a panyumba apo. Adwala nthawi yaitali."

"Manda ali kuti?"

"Kumunsi uko. Kungopitirira masamba enawo, n'kukhotera kumanja."

Felesiya anapotoza chiwongolero. Sanalunjike kumunsi. Analunjika kunyumba ya siwa.

"Ndiye sindikudutsanso, achimwene. Ndabwera kudzakhuza maliro. Kapena kuno wokhuza maliro mumabweza?"

A Levisoni akanati chiyani? Masamba amagwira wodutsa. Wobwera kudzalira alibe mlandu ndi munthu, kaya wabwera pangolo, kaya pamsana pa mnzake. Kubweza munthu pamaliro ndi chinthu chimene mudzi ungakumbukiridwe nacho mpaka zidzukulu. Paja maliro n'kulirana. Anapatuka.

Felesiya anapalasa yekha mpaka pamene panakhala amayi. Panali kung'ung'udza pang'ono, chifukwa onse anali pansi, iye yekha pamwamba. Mayi wina wa bulauzi yoyera, wa m'gulu la amayi a mpingo, anasuntha n'kumupatsa malo m'mbali mwake. Nyimbo itayambanso ndinamva mawu a Felesiya akulowa pansi pa a anzake, nyimbo yonse akuidziwa pamtima. Kung'ung'udza kunatha.

Ine ndi Lonjezo tinakakhala kwa amuna. Mnyamatayu anali m'kakabudula kothamangira, kaja kamafika pamene kabudula weniweni amayambira. Ndinamufunditsa jekete langa m'maondo ngati ntchembere. Ankatambasula miyendo mobisa, uku akuyang'ana dzuwa.

Ndipo dzuwalo linayenda. Kunali mawu a kubanja, mawu a kuchikamwini, mawu a mudzi, kenaka ulaliki. Mlaliki ataona chinamtindi cha anthu anaganiza zoyambira pa Adamu. Ine ndimakonda mawu a Mulungu, koma tsiku limenelo ndinapemphera kuti Aisraele awoloke nyanja mwachangu.

Bokosi litatuluka, Felesiya analowa m'chigulu cha amayi kumbuyo kwake. Anadutsa msewu wonse uja, pamaso pa adzukulu omwe aja, amene tsopano anali atasenza bokosi pamapewa. Anaponda masamba achiwiri ndi mateyala ake, ali pampando wake, akupalasa ndi manja ake. Palibe anamukhudza.

Titafika pokhotera kumanda ndinamuthamangira. "Basi tadutsa. Tiyeni, nthawi yatha."

"Ndinati ndabwera kudzalira, amalume. Sindinaname."

Anakhala mpaka nkhata yomaliza itaikidwa, n'kukagwira dzanja la namfedwa. Kenaka ndi pamene tinanyamuka.

Tsopano ndilankhule ndi inu, awerengi, ndipo mundimve bwino. Mwambo wa masamba ndimaukonda. Tsiku langa likadzafika ndikufuna njinga zonse za m'Dowa muno zidzatsike, ngakhale za amene ndinkakangana nawo pa malire a munda. Ndi mwambo wotikumbutsa kuti changu chathu chonse chimathera m'dzenje limodzi. Koma cholinga chake n'chiyani? Si kuti wokwera atsike alingane ndi anzake oyenda pansi? Nanga munthu amene njingayo ndiyo imamulinganiza ndi anzake, mukamutsitsa mwamulinganiza ndi yani?

A Levisoni si munthu woipa. Ndinawaona kumanda akugwira fosholo mpaka thukuta, pamaliro a munthu amene sanali m'bale wawo. Wa jekete long'ambika uja nayenso ankafuna kuthandiza ndi mtima wonse. Vuto lake ndi lomwelo. Ife, tikaona anthu aulumali, timadziwa njira ziwiri zokha: kuwanyamula kapena kuwasiya akwawe. Yachitatu, yongopatuka kuti adutse okha, imativuta ngati masamu.

Taonani kutchalitchi. Timamanga masitepe ataliatali, kenaka Lamulungu lililonse madikoni anayi amanyamula mkhristu mnzawo ngati thumba la feteleza, mpingo wonse ukuyang'ana, n'kumati taonani chikondi. Simenti yoti n'kupanga potsetsereka inasowa, koma ya chipilala cholembapo mayina a opereka inapezeka. Taonani pa siteji ya minibasi: kondakitala amalipiritsa njinga ya munthu ngati katundu. Inu miyendo yanu munailipirirapo payokha?

Kunyamula timakukonda chifukwa wonyamulayo amaoneka. Ndi chifukwa chake pakabwera mwambo wogawa njinga za aulumali pamakhala mipando, zokuzira mawu ndi ojambula, wolandirayo amuika pakati, aliyense dzanja paphewa pake. Koma munthu yemweyo anene kuti, "Ndikufuna ndikapikisane, ndikapambane," mumva anthu akutsokomola. Wopempha timadziwa pomuika. Wofuna chikho amatisokoneza.

Timu ya mpira ya m'mudzi, yoti chiyambire sinagoletsepo chigoli cha dala, nyengo ya kampeni imalandira mayunifolomu ndi mipira. Ndilibe nazo mawu, anyamata asewere. Koma Lonjezo atazungulira m'maofesi ndi m'masitolo kunena za anzake aulumali, ambiri anamupatsa mawu aja otsekera chitseko mwaulemu: "Mulungu akuthandizeni." Wina anamufunsa kuti, "Munthu wolumala kale, akathamange kuti athyokenso china?" Ngati kuti amiyendo iwiri sathyoka. Ngati kuti iyeyo anasainirana ndi Mulungu kuti miyendo yake adzafa nayo. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngolo imodzi yogubuduka pachitunda cha ku Ntchisi ndi yokwanira kukusamutsirani mbali inayo.

Ndipo pali ena, ophunzira bwino kuposa ine wa nyuzipepala za usipa, amene andiuza sabata ino kuti Felesiya anachita mwano. Akuti mkazi sayankha amuna pamaliro, akanangolola kunyamulidwa, nkhani ikanatha m'kanthawi kochepa, bwenzi atafika nthawi yabwino. Zoona, bwenzi atafika. Koma akanafika ndani? Anthu analonjeza kupereka kwa katswiri wopalasa yekha kuchokera ku Ntchisi. Akanalandira katundu wotulidwa ndi adzukulu. Iye anakana kugula njinga yothamangira ndi bodza, ndipo ine amene ndinkafuna kugula mtendere ndi nkhuku ndilibe mphamvu zomudzudzulira. Ngati umenewo ndi mwano, Mulungu atipatse ana ambiri amwano.

Chimene chikundiwawa n'chakuti anachita kufunika nzeru zonsezo kuti adutse pamsewu wa boma. Felesiya ndi wochenjera, pakamwa pake ndi pakuthwa, nyimbo za m'buku amazidziwa. Nanga mnzake wamanyazi, wosadziwa kuyankha, akanatani? Akanakwawa. Ndipo ndikukhulupirira kuti alipo amene anakwawapo kale, pamsewu wina, tsiku lina, popanda wolemba nyuzipepala pafupi.

Mwina mukufuna kudziwa mmene ulendo unathera. Ndikanakonda kukuuzani kuti beseni linasefukira. Silinasefukire.

Miyendo ya Lonjezo inali itauma. Kuchokera pa Dowa ankathamanga ngati munthu woponda minga, chikhadabo cha chala chachikulu chitada bii. M'manja mwa Felesiya matuza anaphulika, tinamanga ndi mpango uja wa pamaliro. Thobwa linatha, mbatata inatha, nthabwala zanga zinatha. Tinatulukira pa Mtengowanthenga dzuwa lili psuu, likugwera kuseri kwa mitengo.

Anthu anali atadikira kuyambira masana. Ambiri anatopa n'kubwerera, ndalama zawo zili m'matumba. Kwaya imene inabwera kudzatilandira inali itakwera lole. Wagolosale wina akuti pochoka ananena kuti, "Tinanena ife, wolumala sangathe mtunda umenewu." Otsala anali ochepa: amayi ogulitsa tomato, akabaza, anamwino awiri ongoweruka kuntchito, ndi anzake a Felesiya a pabwalo lafumbi lija, mmodzi wosaona atagwira phewa la mnzake, akufunsa kuti, "Afika? Afika?" Anakuwa ngati ndi anthu chikwi. Anaponya zimene anali nazo. Sizinakwane, ndipo sizinayandikire n'komwe.

Mpikisano wa kutauni sudikira munthu. Mitambo ikayamba kusonkhana udzakhala utachitika, Felesiya alipo kapena palibe.

Lachiwiri ndinapita kukamuona. Ndinamupeza pamakina, akusoka ndi nsonga za zala chifukwa zikhatho zikadali zilonda. Lonjezo anali pabenchi, phazi lili m'beseni la madzi amchere. Anandiuza kuti agwirizana zobwereza ulendowo zilonda zikangopola, ndipo amene anathawa ndi malonjezo awo adzawaitananso.

Ine, monga mwa nzeru zanga zamantha, ndinapereka malangizo. "Ulendo uno mudzere msewu wa tala. Kulibe zitunda zambiri, ndipo magalimoto akuluakulu salola masamba kukhalitsa."

Felesiya sanadzutse n'komwe mutu pamakina.

"Msewu womwewo, amalume. Mudzi womwewo. Ndipo ulendo uno sindidzakhota."

"Nanga kukadzagwanso zovuta?"

"Ndidzavula chipewa, ndidzapepesa, ndidzapalasa pang'onopang'ono. Akadzandiimitsa ndidzaima pomwepo mpaka adzatope ndi iwo. Inu mudzangobweretsa thobwa lambiri."

Ndiye ndayamba kale kuviika chimera.

Inu amene midzi yanu ili m'mbali mwa msewu wochokera ku Ntchisi kudzera pa Nachisaka, imfa siuza munthu tsiku. Mwina Loweruka limenelo masamba adzakhala ali pakhomo panu, adzukulu adzakhala ana anu, ndipo pachitunda padzatulukira mayi wa mapewa otambalala, mpango kumutu, akupalasa pang'onopang'ono. Kambiranani lero, mitima ili m'malo, misozi isanabwere. Akadzafika pamasamba anu, mudzamuuza kuti chiyani?